Kalata yotseguka kwa atsogoleri a Mozilla pa nkhani ya kukoka ndi kuponya mu Firefox

Olemekezeka akuluakulu a Mozilla Foundation ndi Mozilla Corporation, pamodzi ndi nonse amene mumagamula zoti zikonzedwe ndi zoti zidikire mu Firefox,

Landirani moni wanga. Ndikhulupirira muli bwino ku San Francisco ndi kulikonse kumene mumagwirira ntchito. Ine ndine mmodzi wa opanga mawebusaiti ang'onoang'ono kuno ku Malawi, ndipo masiku ena ndimaphunzitsako anthu kompyuta. Firefox, burawuza yanu (pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti), ndidayamba kuigwiritsa ntchito kalekale, nthawi imene tinkaikopera pa fulashi n'kumaika m'makompyuta a anzathu ngati tikugawana mbewu. Mpaka lero ndi imene ndimatsegula m'mawa uliwonse. Choncho zimene ndilembe panozi musazimve ngati za mdani. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Ndalemba m'Chichewa dala. Muli ndi gulu lalikulu la omasulira odzipereka pa Pontoon, tsamba lanu lomasulirapo, ndiye sindikukayika kuti mukafuna kumva mudzapeza wokumasulirani. Komanso ndikufuna anzanga akuno amve nawo, chifukwa ambiri a iwo zikawakanika amadziimba mlandu okha, amvekere mwina ndine mbuli pa kompyuta, pomwe vuto silili m'manja mwawo.

Nkhani yake ndi kanthu kooneka kakang'ono kamene pa Chingerezi amati drag and drop, ife tingati kukoka ndi kuponya. Munthu amadina chinthu ndi mausi, osasiya batani, n'kuchikoka mpaka pamalo ena, kenako n'kuchisiya. Ndi mmene timaikira chikalata mu imelo, mmene timasanjira mayina pamndandanda, mmene mphunzitsi amaikira ntchito ya ophunzira pa Moodle, tsamba lophunzitsira pa intaneti. Ndikamaphunzitsa anthu amene sadagwirepo kompyuta, ichi amachimvetsa msanga kuposa zina zonse, pakuti n'chimodzimodzi kutola chinthu patebulo n'kuchiika m'dengu.

Tsiku lina ndinkathandiza mayi wina kulemba fomu yofunsira ntchito pa intaneti. Fomuyo inali yaitali, ndipo mayiyo ankalemba ndi chala chimodzi. Patapita pafupifupi ola lathunthu tidafika pofunika kuika satifiketi. Adaikoka bwinobwino, koma dzanja lidanjenjemera ndipo adaisiya pambali pang'ono pa bokosi lake. Burawuza idachotsa tsamba lonse n'kutsegula chithunzi cha satifiketiyo. Titabwerera tidapeza fomu ili mbee. Sindikutchula burawuza imene inali pakompyutapo, chifukwa khalidwe limeneli lakhala likupezeka m'maburawuza angapo. Mawu oyamba amene mayiyo adanena anali opepesa. Adapepesa ine, adapepesanso kompyuta.

Ndisanadandaule ndiyambe ndavomereza zoona. Muzu wa vutoli simudaubzale ndinu. Njira ya kukoka ndi kuponya pa masamba a intaneti idayamba ndi Microsoft mu Internet Explorer 5 mu 1999. Pamene Ian Hickson ankalemba malamulo a HTML5, chilankhulo cholembera masamba a intaneti, sadapange njira yatsopano. Adafufuza mmene Internet Explorer inkachitira n'kulemba zomwezo, kuti masamba amene analipo kale asafe. Ndiye chifukwa chake mpaka lero wopanga tsamba amalimbana ndi zochitika zisanu ndi ziwiri (mauthenga amene burawuza imatumizira tsamba munthu akamakoka), kuyambira dragstart mpaka dragend, ndipo kuti malo avomere kulandira chinthu, amayenera kuletsa chochitika cha dragover. Kuletsa kuti ulole! Peter-Paul Koch, katswiri wa maburawuza, adalemba mu 2009 kuti njira yonseyi ndi ngozi yokhayokha, ndipo ambiri amene tidaigwirapo timagwirizana naye. Inu mudailowetsa mu Firefox 3.5 chaka chomwecho. Mudalandira nyumba yokhota kale maziko, zimenezo sindikutsutsa. Dandaulo langa lili pa zimene mudachita, ndi zimene simudachite, mutalowamo.

Dandaulo loyamba ndi lipoti nambala 505521 pa Bugzilla, tsamba lanu lolembapo mavuto a Firefox. Lidatsegulidwa mu 2009. Nkhani yake njosavuta kumva. Munthu akamakoka chinthu, tsamba limafuna kudziwa pomwe kamuvi kafika, kuti lijambule mzere kapena lisunthe chithunzi motsatira dzanja. Pa chochitika cha drag, maburawuza ena amapereka manambala enieni a malowo. Firefox inkapereka 0 ndi 0, kaya kamuvi kali pakati pa sikirini kaya kali m'ngodya. Yankho limene lidaperekedwa poyamba linali loti malamulo sanena kuti manambalawo akhale chiyani. Mwina pamalamulo munali olondola. Koma patatha zaka zoposa khumi lipotilo linali lidakali lotseguka, anthu akubwera chaka ndi chaka kudzafunsa kuti kodi zili pati. Mwana wobadwa chaka chimene lidalembedwa adafika pomaliza pulayimale nkhani isadathe. M'zaka zonsezo opanga masamba padziko lonse, aliyense payekha, ankalemba kachigamba kofanana, kotchera khutu ku dragover pa tsamba lonse n'kumasunga manambala pambali. Ntchito imene ikadagwiridwa kamodzi kwanu idagwiridwa kambirimbiri kwathu.

Limeneli silili lokha. Kwa zaka zambiri Firefox inkakana kuyamba kukoka ngati wopanga tsamba sadaitane setData, lamulo louza burawuza zoti inyamule, ngakhale palibe chilichonse choti anyamule, pomwe Chrome inkangoyamba. Tidazolowera kuikamo mawu opanda pake kuti zitheke, kenako n'kupeza kuti tikaiwala kuletsa drop, Firefox ikutenga mawu opanda pakewo ngati adiresi n'kuchoka patsamba. Batani lolembedwa kuti ndi lokokeka linkakana kukokedwa. Bokosi lolembamo likakhala m'kati mwa chinthu chokokeka, munthu ankalephera kudina pakati pa mawu ake kuti akonze chilembo. Chilichonse mwa izi pachokha n'chaching'ono, ndipo zina mudazikonza pambuyo pake. Koma wopanga tsamba amene ali ndi masiku awiri kuti apereke ntchito samawerenga Bugzilla. Amayesa pa Chrome, zatheka. Amayesa pa Firefox, zakana. Ndiye amalemba pansi pa tsamba kuti gwiritsani ntchito Chrome. Ndikuvomera mwamanyazi kuti mawu amenewa ndidawalembapo ndi dzanja langa.

Dandaulo lachiwiri likukhudza kuchedwa pa zinthu zimene anthu adazizolowera kale kwina. Mu 2010 Gmail idayamba kulola munthu kukoka fayilo kuchokera pakompyuta n'kuiponya mu imelo, ndipo Firefox 3.6 inali m'gulu la oyamba kutha zimenezo. Pamenepo mudachita bwino. Koma chaka chomwecho Gmail idalolanso kukoka fayilo kuchoka mu imelo kupita pa desktop, ndipo izi zinkatheka pa Chrome pokha, kudzera m'njira yotchedwa DownloadURL imene Google idangopanga yokha popanda kugwirizana ndi wina aliyense. Kuponya foda yathunthu patsamba kudafika pa Chrome 21 mu 2012. Pa Firefox kudafika ndi Firefox 50 mu Novembala 2016, ndipo mudakakamizika kutenga dzina lomwelo la webkitGetAsEntry, dzina lochokera ku WebKit, injini ya eni (injini ndi mtima wa burawuza, umene umajambula masamba), chifukwa masamba onse anali atalilemba kale. Ndikumvetsa kuti simunkafuna kuthamangira chilichonse chimene Google yatulukira. Maganizo amenewo ndimawalemekeza. Koma zaka zinayi zokana, n'kudzavomera chimodzimodzi pamapeto, zidapindulira yani? Wojambula zithunzi paukwati amene ankafuna kukweza foda ya zithunzi 300 sadadikire zaka zinayi. Adasamuka, ndipo sadabwerere.

Dandaulo lachitatu ndi la pa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, ndipo limandipweteka kwambiri chifukwa kumeneko ndiye kwanu kwenikweni. Pa Ubuntu, mtundu wina wa Linux, kuyambira Ubuntu 21.10 mu Okutobala 2021, Firefox imabwera ngati snap, kutanthauza kuti imakhala m'kampanda kake kotetezedwa. Kampandako sikaona mafoda obisika a m'nyumba ya wogwiritsa ntchito, ndipo kali ndi /tmp yakeyake, foda ya mafayilo osakhalitsa. Chitetezo n'chabwino. Koma mapulogalamu ambiri, monga otsegula mafayilo a zip ndi ojambula sikirini, amayamba aika fayilo m'malo ngati amenewo munthu akamaikoka. Munthu amakoka, amaponya, osachitika kanthu. Palibe uthenga, palibe chenjezo, zii. Kuonjezera apo dziko la Linux lakhala likusamuka kuchoka pa X11 kupita pa Wayland, njira ziwiri zoonetsera zinthu pa sikirini, ndipo Firefox 121 ya mu Disembala 2023 idayamba kugwiritsa ntchito Wayland yokha popanda kuiuza. Njira ziwirizi zimanyamula zokokedwa mosiyana. Wodandaula akapita kwa inu amauzidwa kuti mwina ndi za snap. Akapita kwa a snap amamva kuti mwina ndi za GNOME, opanga maonekedwe a desktop. Kukankhirana mlandu kotere munthu wamba sangakulondole. Mudachita bwino kuyamba kupereka phukusi lanulanu la deb, loikira Firefox popanda snap, ndi Firefox 122, koma amene amadziwa kuti lilipo ndi okhawo odziwa kale zinthu.

Izi zikutikhudza ife mwachindunji. Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 mu Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imakana makompyuta akale ambiri. Makompyuta amene amafika kuno ambiri ndi akaunjika, ogwirapo kale ntchito kwina. Njira yowapatsa moyo wina ndi Linux, ndipo pa Linux burawuza imene munthu amaipeza kale nthawi zambiri ndi yanu. Pamenepa mukadayenera kukhala osagonjetseka.

Dandaulo lachinayi ndilitchula mwachidule. Pa foni, kumene anthu ambiri kuno amalowera pa intaneti, njira ya kukoka ndi kuponyayi idakhala zaka zambiri isakugwira ntchito pa burawuza iliyonse, chifukwa idapangidwira mausi. Zotsatira zake n'zakuti opanga masamba ambiri adaitaya n'kumalemba zawozawo ndi JavaScript. Zida zodziwika monga jQuery UI, react-beautiful-dnd ndi dnd-kit sizidalira njira ya burawuza, zimatsatira zokha dzanja la munthu. Khodi yonseyo imatsika limodzi ndi tsamba. Kwanu kumeneko ndi kanthu kosaoneka. Kuno timalipira ndi bandulo.

Tsopano dandaulo lalikulu, limene landichititsa kukhala pansi n'kulemba. Ndi yankho lija timalimva kawirikawiri tikadandaula za mapulogalamu a open source, lakuti khodi ili poyera, ngati zikukuwawa konza wekha. Pa Bugzilla lili ndi chizindikiro chake, P5, kutanthauza kuti ife sitikonza koma wina akabweretsa chigamba tilandira. P3 ndiye nkhokwe yaikulu ya zodikira, kumene malipoti amakalambira. Munthu akalemba kuti nanenso vutoli landipeza amauzidwa kuti akungochulutsa phokoso, ndipo nthawi zina khomo la ndemanga limatsekedwa. Ndikumvetsa kuti injiniya sangagwire ntchito anthu mazana akumukuwira. Ndawerengapo ndemanga zamwano zimene anthu ena amalembera antchito anu, ndipo sindizivomereza m'pang'ono pomwe. Koma taganizani mmene zimamvekera kwa wodandaula mwaulemu. Akalankhula akuti akusokosa. Akakhala chete, lipoti limaoneka ngati palibe amene likumukhudza. Pajatu chetechete sautsa nyama.

Nanga konza wekhayo ndi wotheka kwa yani? Khodi ya Firefox ndi mizere mamiliyoni ambirimbiri ya C++, Rust ndi JavaScript. Malangizo anu omwe amati munthu akhale ndi malo okwana 30 GB pa disiki kuti aimange. Mbali yoona za kukoka ndi kuponya idalembedwa padera pa Windows, padera pa macOS, padera pa GTK ya pa Linux, ndiye wokonza mbali imodzi ayenera kusamala kuti asaphwanye zinazo, zimene mwina alibe n'komwe makina oyesera. Kwa mnyamata wa laputopu yakale, wogula intaneti ya tsiku ndi tsiku, magetsi akuzimazima, kungotsitsa khodiyo ndi ulendo. Ndipo ngakhale atalimba mtima n'kulemba chigamba, chimafunika munthu wanu wolipidwa kuti achiwerenge ndi kuchivomereza. Munthu ameneyo akakhala kuti wapatsidwa ntchito ina, chigambacho chimawola chili pamzere. Khodi ili poyera, inde. Koma mphamvu yogamula kuti nthawi ya mainjiniya ipite kuti ili m'manja mwanu, ndipo pa chimenecho ndi pamene tikukufunsani.

Simuli kagulu ka anthu ongodzipereka madzulo akaweruka. Malipoti anu a zachuma amaonetsa ndalama zoposa theka la biliyoni ya madola pachaka, zochuluka zedi zochokera ku Google chifukwa choika makina ake osakira patsogolo mu Firefox. Mu Ogasiti 2020 Mayi Mitchell Baker adalengeza kuchotsa ntchito anthu pafupifupi 250, ndipo nkhwangwa idagwera gulu la Servo (injini yatsopano imene munkapanga), olemba MDN (tsamba lanu la malangizo a opanga masamba) ndi opanga zida za opanga masamba, anthu enieni amene ife timadalira. M'zaka zapitazi tidaona Firefox OS ikubwera n'kupita, Firefox Send ikutsekedwa mu 2020, Pocket imene mudagula mu 2017 ikutsekedwa mu 2025, Fakespot chimodzimodzi. Sindikunena kuti kuyesa zatsopano n'kulakwa. Bungwe lodalira ndalama za mpikisano wake liyeneradi kufunafuna pena popezera. Koma munthu amadabwa kuona ndalama zogulira makampani zikupezeka, pomwe za munthu mmodzi woti akhale pansi miyezi itatu n'kumaliza lipoti la 2009 sizinkapezeka. Kukonza manambala a kamuvi sikutuluka m'nyuzipepala, ndikudziwa. Koma denga lodontha silisamala kuti pakhomo mwapaka penti yatsopano.

Wina angafunse kuti bwanji sindikulembera Google kapena Apple, popeza nawonso ali ndi milandu yawo pa nkhaniyi, ndipo Chromium ndi WebKit, maziko a maburawuza awo, nazonso ndi open source. Milandu ali nayodi. Google ili ndi chizolowezi chotulutsa chinthu kaye n'kudzakambirana malamulo pambuyo, ndipo iPhone idadikira mpaka iOS 15 mu 2021 kuti ilandire zimene iPad inali nazo kuyambira 2017. Koma iwo sadandilonjeze kanthu. Inu mudalonjeza. Mfundo yachisanu ndi chimodzi ya Mozilla Manifesto imanena kuti phindu la intaneti kwa anthu onse limadalira kuti zinthu zizitha kugwirira ntchito limodzi. Opera idasiya injini yake mu 2013. Microsoft idasiya yake n'kutulutsa Edge ya Chromium mu Januwale 2020. Injini zikuluzikulu zatsala zitatu, Blink ya Google, WebKit ya Apple ndi Gecko yanu, ndipo mwa zitatuzi yanu yokha ndi imene mwini wake si kampani yaikulu yogulitsa mafoni kapena malonda otsatsa. Cha m'ma 2009 ndi 2010 anthu pafupifupi 30 pa 100 alionse ankagwiritsa ntchito Firefox. Lero safika 5 pa 100. Zifukwa zake n'zambiri, zina zoposa mphamvu zanu. Koma tsamba lililonse lolembedwa kuti gwiritsani ntchito Chrome limachotsako munthu mmodzi, ndipo ena mwa masamba amenewo adalembedwa choncho chifukwa cha lipoti limene linali patebulo panu.

Choncho ndikupempha izi, ndipo ndikupempha aliyense wogwirizana nazo agawire anzake kalatayi.

1. Sonkhanitsani pamalo amodzi, poonekera kwa aliyense, malipoti onse otseguka okhudza kukoka ndi kuponya pamene Firefox ikusiyana ndi maburawuza ena. Pa lililonse lopitirira zaka zisanu lembani chimodzi mwa ziwiri: tikonza pofika nthawi yakuti, kapena sitikonza pa chifukwa chakuti. Kukana komveka bwino tingakupirire, chifukwa timadziwa chochita. Chotitopetsa ndi kudikira kopanda tsiku.

2. Ikani munthu wolipidwa, wodziwika udindo wake, woyang'anira mbali imeneyi pa Windows, macOS, Linux ndi Android. Chigamba chochokera kwa wodzipereka chizilandira yankho m'masabata owerengeka.

3. Tengerani nkhaniyi ku Interop, kumene kuyambira 2022 mumakhala pamodzi ndi Apple, Google, Microsoft ndi Igalia kusankha zoti mufananitse chaka chilichonse. Kumene malamulo a HTML sanena kanthu, limbikirani kuti alembedwe ndipo mayeso ake alowe mu Web Platform Tests. Kusalankhula kwa malamulo kusakhalenso pobisalira.

4. Fayilo ikaponyedwa pambali pa bokosi pa tsamba limene munthu walembapo kale zinthu, burawuza isachotse tsambalo popanda kufunsa. Ichi chikhale lamulo limene mungakakamire kuti maburawuza onse atsatire.

5. Kuponya kukakanika chifukwa cha mpanda wa snap kapena wa Flatpak, mnzake wa snap, Firefox inene. Chiganizo chimodzi chokha chouza munthu kuti fayiloyi ili pamalo amene sindingafike, yesani batani losankhira fayilo. Ndipo khalani pansi ndi Canonical, eni Ubuntu ndi snap, komanso opanga desktop a GNOME ndi KDE, kuti wodandaula azigogoda khomo limodzi.

6. Pa MDN, tsamba lililonse lophunzitsa kukoka ndi kuponya lizionetsanso njira ina ya munthu amene sangathe kukoka. WCAG 2.2 ya mu Okutobala 2023, ndondomeko yothandiza kuti olumala azitha kugwiritsa ntchito masamba, idaika kale lamulo limeneli pa ndime 2.5.7. Okalamba, onjenjemera manja, osaona ndi ogwiritsa ntchito kiyibodi yokha asamakumbukiridwe kumapeto.

7. M'lipoti lanu la chaka ndi chaka tiuzeni poyera gawo la ndalama limene lapita pa kukonza zakale mu Gecko, kusiyanitsa ndi limene lapita pa zinthu zatsopano. Mumatipempha kuti tikukhulupirireni chifukwa mumachita zinthu poyera. Ichinso chikhale poyera.

Kumbali yanga, sindibwera chimanjamanja. Mawu aja oti gwiritsani ntchito Chrome ndawachotsa pa masamba amene ndimasamalira, ndipo paliponse pamene pali bokosi loponyamo fayilo ndaikapo batani losankhira pambali pake. Ndikukonza timasamba tating'ono toyesera, kamodzi pa vuto lililonse, toti injiniya wanu atsegule n'kuona yekha kusiyana kwake m'mphindi imodzi, ndipo ndidzatiika pa Bugzilla ndi pa webcompat.com. Anzanga opanga masamba amene mukuwerenga, chitaninso chimodzimodzi, mwaulemu, ndi chitsanzo chogwirika, osati kungolemba kuti sizikugwira. Ndidzabweranso kudzaona malipotiwo pakatha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo zimene ndidzapeze ndidzazilemba pompano.

Ine wanu mwaulemu,

Wopanga mawebusaiti amene akugwiritsabe ntchito Firefox